Mawu anga ndi aang'ono, ana adzandimva bwanji pabwalo?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Mufakose amene akuphunzira uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi pa koleji ina muno mu Harare. Posachedwa apita ku TP, kokayeserera kuphunzitsa pasukulu, ndiye mtima uli m'mwamba. Akuti: "Kwathu tinakula tikuuzidwa kuti mwana waulemu sakweza mawu. Nanga ana 40 ali balalabalala pabwalo adzandimva bwanji?"

Achemwali, ulemu umenewo musautaye. Mawu muli nawowo ndi okwanira, bola anawo akhale pafupi nanu.

Ine chaka changa choyamba ndinkaima pakati pa bwalo n'kumakuwira ana ali uko ku magolo. Pofika Lachitatu mawu anali atasasa, kumero kukuwawa. Aphunzitsi ena achikulire anandikokera pambali nati, "Aitaneni kaye, kenako muyankhule." Mpaka lero ndimatero. Imbani wezulo kamodzi, ana abwere, akhale pansi, mipira aiike pakati pa miyendo. Mwana amene mpira uli m'manja makutu ake amakhala pa mpirapo. Dzuwa likuthobweni inuyo, osati iwo. Mphepo ya mu Ogasiti ija, yodzadza fumbi m'kamwa, muipatse msana kuti inyamule mawu anu kupita kwa ana.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi kasanjidwe ka mawu. Mukayamba ndi "thamangani", otsalawo mudzayankhulira mphepo, ana apita kale. Yambani ndi "ndikaimba wezulo", kenako chochitacho. Mfundo imodzi, zikachuluka ziwiri, zinazo sonyezani ndi thupi lanu. Ndipo musafunse kuti "mwamva?" chifukwa onse adzati eee. Lozani mmodzi, mutchule dzina lake, anene kapena asonyeze zimene wamva. Kuyambira 2017 phunziro la masewera olimbitsa thupi limayambira ku ECD, makalasi a ana aang'ono amene sanayambe Giredi 1, ndiye ganizirani kamwana ka zaka zisanu: chiganizo chikatalika, maso ali kale pa khwangwala.

Za chilankhulo, pabwalo mudzagwiritsa kwambiri Chishona ndi Chingerezi. Sankhani mawu ochepa oyambitsira ndi oimitsira masewera, musamawasinthesinthe. Koma Chichewa musachibise. Malamulo a dziko lino a 2013 amazindikira zilankhulo 16, chathuchi chili momwemo. Mwana wa ku Mbare kapena Dzivarasekwa, amene agogo ake anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, akagwa n'kusupuka bondo inu n'kumuuza chapansipansi kuti "pepa mwanawe, dzuka", amakuyang'anani mwa mtundu wina ndithu.

Mawu azichokera m'mimba. Ikani dzanja pamchombo, kokani mpweya mpaka dzanjalo likwere, muyankhule mpweyawo ukutuluka. Botolo la madzi lisakusiyeni. Mawu akasasa kupitirira masabata atatu, pitani kuchipatala.

Loweruka lino sonkhanitsani ana a m'mudadada wanu, muwaseweretse fulaye, mnzanu akujambuleni pa foni. Madzulo mudzimvetsere, muwerenge kuti munayankhula ziganizo zingati mpira usanaponyedwe. Zikapitirira zitatu, dulani zina, mudzayesenso Loweruka linalo.