Kamera imene anandiika m'mutu ku tchalitchi

Mayi wina wa ku Katete wandilembera imelo. Mwana wawo ali mu giredi 12, ndipo akuti mnzake wa m'kalasi amangoyang'ana tsamba kamodzi, basi lalowa. Akufunsa ngati pali mankhwala kapena njira yoti naye akhale ndi "mutu wa kamera".

Amayi, mwagunda pachilonda, ndiye mundipirire.

Ndili ndi zaka 11 ndinaima kutsogolo kwa mpingo kwathu ku Chadiza n'kunena Salimo 119 lonse pamtima, mavesi 176. Azimayi analuluta. Mkulu wina wa mpingo anandigwira mutu ndi manja awiri ngati akusankha dzungu pamsika, n'kulengeza kuti mwana uyu ali ndi kamera m'mutu. Palibe anafunsa kuti salimolo ndinalitafuna miyezi ingati. Ndinkalinena kubusa, ndinkalinena popita kuchigayo, mpaka masamba amenewo m'Baibulo la agogo anada bii ndi zala zanga.

Koma dzinalo linandikoma, ndipo ndinalikhulupirira. Ku sekondale ndinasiya kubwereza. Usiku woti mawa mayeso ndinkatsegula buku la sayansi, kuyang'anitsitsa tsamba lililonse ngati ndikulijambula, n'kukagona. M'mawa, pepala lili patsogolo, ndinkakumbukira bwinobwino kuti yankho linali kudzanja lamanja, m'munsi mwa chithunzi cha botolo. Mawu ake okha ndiwo kunalibe. Phunzirolo ndinachita kulembanso, anzanga atapita kale ku koleji.

Ndiye ndinene mosabisa: kamera imeneyi kulibe, ndipo amene amauza mwana kuti ali nayo akumutchera msampha. Ana ena aang'ono amaonabe chithunzi m'maso kwa kamphindi chitachotsedwa, koma chimazilala msanga, ndipo akamakula zimatha.

Anthu odabwitsa alipo, sindikukana. Solomon Shereshevsky anali mtolankhani ku Moscow m'zaka za m'ma 1920. Mkonzi wake anakwiya poona kuti salemba kalikonse pamsonkhano, koma iye anabwereza zonse mawu ndi mawu. Katswiri wa za ubongo Alexander Luria anamufufuza zaka pafupifupi 30, n'kupeza kuti kwa iye mawu anali ndi mtundu ndi kakomedwe, ndipo zinthu zoti akumbukire ankaziyala m'maganizo m'mbali mwa msewu umene ankaudziwa, kenako n'kuyendamo akutola. Ndiye kuti nayenso ankagwira ntchito. Ndipo vuto lake linali kuiwala: anafika polemba zinthu papepala n'kuliwotcha kuti mwina zimuchoke. Jill Price wa ku America, amene nkhani yake inatuluka mu 2006, amakumbukira tsiku lililonse kuyambira ali mtsikana, mikangano ndi maliro omwe, ngati zachitika dzulo. Mungamufunire zimenezo mwana wanu?

Komanso n'chifukwa chiyani timathamangira ku Moscow? Pa msika wa Kapata pali mayi amene ndimagulako tomato. Alibe kope, koma amadziwa ngongole ya munthu aliyense, tsiku limene anatenga, ngakhale bodza limene ananena potenga. Anyamata a njinga muno mu Chipata amadziwa kanjira kalikonse ka ku Mchini ndi ku Nabvutika. Ku London, katswiri wina wa za ubongo, Eleanor Maguire, anapima ubongo wa madalaivala a takisi mu 2000 n'kupeza kuti mbali yosunga malo ndi njira inali yokulirapo kwa amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri. Sanabadwe nayo. Mayi wa tomato uja mutamupatsa tsamba la sayansi sangalisunge, poti mulibe ndalama yake.

Nanga mwanayo atani?

Ndisanayankhe, mnzake uja. Ndikubetcha kuti amawerenga usiku ndi tochi ya foni ena atagona, m'mawa n'kumanamizira kuti zimangobwera. Ana ochenjera amabisa thukuta ngati mmene alimi ena amabisira kuti anathira feteleza. Ine ndinabisa langa mpaka ndinadzinamiza ndekha, ndipo agogo, amene ankandimva ndikung'ung'udza salimo kuseri kwa nkhokwe, sananene kanthu poopa kundichotsera ulemu.

Mankhwala musagule, kaya a m'botolo kaya a mizu. Akawerenga mutu umodzi azitseka buku n'kunena kapena kulemba zimene wagwira, kenako atsegule aone pamene waphonya. Abwerezenso mawa, patatha masiku atatu, ndi sabata yotsatira. Alembe mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Azigona mokwanira. Madzulo mukamasenda nthochi kapena kupala mbatata, muuzeni akufotokozereni zimene waphunzira, ndipo pamene simunamve mufunseni kuti abwerezenso.