Zofunda za zigamba zimene zagona m'sutikesi: yankho kwa mayi a ku Kapata

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena a ku Kapata, kuno ku Chipata, omwe amasoka zofunda za zigamba pofuna kungosangalatsa mtima akaweruka kuntchito. Mayiwa akuti m'sutikesi mwawo mwagona ntchito zitatu zosatha. Yoyamba ndi nsalu ya zigamba yokhala pamwamba pa chofunda cha pabedi la anthu awiri, yomwe anailumikiza yonse zaka zinayi zapitazo n'kuipinda. Yachiwiri ndi zigamba 40 zangodya zinayi zomwe zikukana kulingana. Yachitatu ndi imene anaiyamba malemu amayi awo ndi zitenje zawo zakale. Funso lawo ndi lakuti ayambire pati, kapena angozitaya zonse chifukwa akamaziona mtima umawatsutsa kuti ndi aulesi.

Mayi, nkhani ya ulesi tiyambe taichotsa. Munthu amene anadula ndi kulumikiza zigamba zokwana bedi lonse si waulesi. Chimene ndaona kwa ine mwini komanso kwa anzanga osoka n'chakuti chofunda chilichonse chimaima pamalo pamene wosoka wakumana ndi ntchito imene sanaizolowere, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa zimene munkafuna poyamba kufikira zitakhala zotheka ndi zipangizo zimene muli nazo m'nyumba. Chinanso, mpaka chimodzi mwa zitatuzi chitatha, musagule chitenje chatsopano ngakhale chikukopeni bwanji pamsika, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Yambani ndi nsalu yapamwamba yolumikiza kale ija, popeza ndiyo ili pafupi kutha. Chofunda chamtunduwu chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikiza: yapamwamba ya zigamba, yapakati yopatsa kutentha, ndi yapansi. Ambiri amaimira pomwe inu munaimirapo chifukwa amawerenga pa intaneti kuti pakati pamafunika thonje lopangidwira ntchito imeneyi, lomwe kuno silipezeka wamba ngakhale kuti chigawo chathu chimalima thonje lambiri. Musadikire thonjelo. Bulangete lakale lopyapyala, kapena nsalu yaubweya ya pabedi yogula pa salaula, zimagwira ntchitoyi bwinobwino malinga mwazichapa n'kuziumitsa. Bulangete lochindikala kwambiri ndiye lipeweni, chifukwa singano imavutika kudutsa ndipo chofundacho chikanyowa chimalemera moti simungachinyamule nokha kupita nacho pachingwe.

Mwandiuza kuti nsalu yanu ndi ya masentimita 180 m'lifupi ndi 210 m'litali. Chitenje chimodzi chimakhala cha mamita 2 m'litali ndi masentimita pafupifupi 115 m'lifupi, choncho mukalumikiza ziwiri m'mbali zake zazitali mupeza nsalu yapansi ya masentimita 200 ndi 230, yomwe ikusiyirani masentimita 10 otsala kumbali iliyonse. Otsalawa ndi ofunika chifukwa nsalu zimasuntha posoka. Zitenje ziwirizo muzichape kaye kuti zifupike pasadakhale ndiponso kuti zitulutse utoto wosagwira. Nsalu yapamwamba yokha musaichape isanasanjikizidwe, popeza misoko yake ikadali pamtunda ndipo ingayambe kusosoka. M'malo mwake nyowetsani kansalu koyera n'kukapaka pa zigamba zofiira ndi zabuluu; kakasintha mtundu, dziwani kuti chofundachi chidzafuna madzi ozizira ochuluka, kutsukuluza msanga, ndi kuyanika pamthunzi. Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa, pamene kachigamba kamodzi kofiira kanadetsa zigamba zoyera zisanu zozungulira pa chofunda chimene ndinachisoka miyezi itatu.

Kusanjikiza ndi ntchito ya tsiku limodzi ndipo imafuna anthu awiri. Sitani nsalu yapamwamba ndi yapansi, ngakhale ndi nsimbi ya makala ngati magetsi azima, ndipo misoko muigoneke mbali imodzi. Kolopani pasimenti pabalaza, yalani nsalu yapansi nkhope yake itayang'ana pansi, ndipo muitsendereze m'mbali ndi mabuku kapena njerwa zokulunga m'mapepala kuti ikhale yotambasuka koma yosakokedwa. Yalani bulangete pamwamba pake, kenako nsalu ya zigamba nkhope itayang'ana kumwamba, n'kumasalaza ndi zikhatho kuyambira pakati kupita kunja. Mukatero gwirizitsani zitatuzi ndi mapini otseka, ngati aja a matewera, kuyambiranso pakati, kusiya mpata wokwana chibakera chanu pakati pa pini ndi inzake. Mapini akachepa, sokani misoko italiitali ya ulusi wamtundu woonekera, imene mudzaisolole pamapeto. Maondo apweteka ndithu, choncho ikani pilo pafupi.

Tsopano tafika pamene ndikufuna mundimvetsetse. Simukukakamizidwa kusoka mizere yokhotakhota imene mumaiona pa zithunzi za ku America. Makina athu opalasa ndi mapazi, kaya ndi Singer kaya Butterfly, amakoka nsalu yapansi mofulumirirapo kuposa yapamwamba, ndipo pa nsalu zitatu zosanjikiza zotsatira zake ndi makwinya okhaokha. Njira imene ndikukulangizani ndi yomanga mfundo. Tengani singano yaikulu ndi ulusi wolimba wolukira, lowetsani singano kuchokera pamwamba mpaka kudutsa nsalu zonse zitatu, itulutseni pafupi pomwepo, bwerezani kachiwiri, mangani mfundo yolimba kawiri, ndipo dulani ulusi kusiya timichira ta masentimita 2. Mukamanga mfundo pa masentimita 10 aliwonse, chofunda chanu chifuna mfundo pafupifupi 380, ndipo mukamamanga 40 madzulo aliwonse mutatha kudya, masiku khumi akukwanirani. Ngati mtima ukufunabe kuona msoko wapamanja, onjezerani mizere yowongoka ya msoko wamba m'mphepete mokha. Amayi a ku Bengal, dera la ku India ndi Bangladesh, akhala akusanjikiza zovala zawo zakale ndi msoko wophweka womwewu, ndipo zofunda zawo zotchedwa kantha n'zotchuka padziko lonse.

Chotsala ndi mpendero. Dulani bulangete ndi nsalu yapansi kuti zilingane ndi yapamwamba. Kuzungulira chofundachi ndi mamita osakwana 8, ndiye mizere isanu ndi itatu ya masentimita 6 m'lifupi, yodulidwa mopingasa chitenje, ikukwanirani, kutanthauza kuti theka la mita ndi lokwanira. Lumikizani mizereyo, ipindeni pakati m'litali, isokereni kumaso ndi makina, kenako ipindireni kumbuyo n'kumalizitsa ndi manja. Ngati gawo ili likukuopsani, palibe chamanyazi kupita nalo kwa telala wapakhonde la sitolo kuti akusokereni mbali yamakina.

Za zigamba 40 zija, chimene chinachitika n'chodziwika. Osoka zofundazi amasiya mpata wa msoko wa mamilimita pafupifupi 6, ndipo wosoka akaphonya ndi mamilimita 3 okha pa chigamba chilichonse, pofika pa chigamba chakhumi mzere wake watalika kapena wafupika ndi masentimita 3. Musamasule msoko ngakhale umodzi. Pezani chigamba chaching'ono kuposa zonse, dulani katoni wolimba wa muyeso wake, ndipo zina zonse muzidule motsatira katoniyo ngakhale maluwa ena adukire m'mphepete. Tiyerekeze kuti katoniyo ndi wa masentimita 20: zikasokedwa zigambazo zikhala pafupifupi 19, ndipo mizere isanu ndi itatu ya zigamba zisanu ikupatsani masentimita 95 ndi 152. Mukazungulitsa ndi nsalu ya mtundu umodzi ya masentimita 20 kumbali zonse, mupeza chofunda cha 135 ndi 192, chokwanira bedi la munthu mmodzi. Munkafuna cha anthu awiri, ndikudziwa, koma mwana wopita kusukulu yogonera komweko adzachiyamikira m'mwezi wa Juni ndi Julayi pamene mphepo ya m'mapiri a Chipata imalowa mpaka m'mafupa.

Ntchito ya malemu amayi anu ndaisiyira kumapeto dala, ndipo ndikupemphani kuti inunso muigwire pomaliza, manja atazolowera. Choyamba yesani nsalu zake: gwirani chigamba ndi zala za manja onse n'kukoka pang'ono, chifukwa chitenje chimene chinavalidwa zaka zambiri kenako n'kugona m'chinyezi chimatha kuoneka chabwinobwino koma chikung'ambika ngati pepala. Zigamba zofooka muziike kansalu kopyapyala kunsi kwake m'malo mozichotsa. Chachiwiri, musayese kukonza misoko yawo yokhota kapena kusaka zitenje zofanana ndi zawo, pakuti simuzipeza, ndipo kukhotako ndi dzanja lawo lenilenilo. Amayi a m'mudzi wa Gee's Bend, ku Alabama m'dziko la America, ankasoka zofunda ndi mathalauza akutha a kumunda mosatsata muyeso, ndipo m'chaka cha 2002 zofunda zawozo zinaonetsedwa m'nyumba yosungiramo zaluso ku Houston. Zigamba zimene amayi anu analumikiza muzisiye pakati monga zilili, ndipo inu muzungulize ndi nsalu ya mtundu umodzi wosakuwa kuti aliyense aziona pamene iwo analekezera ndi pamene inu munayambira.

Ngati nsaluzo zafooka kwambiri moti sizingapirire kuchapidwa kawirikawiri, musachipange chofunda cha pabedi. Chimalizeni pa ukulu umene chilipo kuti chikhale chokoleka pakhoma pamene dzuwa silifika, kapena chigaweni kuti mupange mapilo a abale anu, mutakambirana nawo kaye musanalowetse sizasi. Kumbuyo kwake sokeranipo kansalu koyera kolembedwa dzina la amayi, dzina lanu, chaka chimene anayamba ngati mukuchikumbukira, ndi chaka chimene mwamaliza. Zilembozo muzipete ndi ulusi, chifukwa inki ya bolopeni imafufutika pochapa.