Kwa achemwali amene quesadilla ikukusweketsani mtima

Achemwali, mwati munayesa kupanga quesadilla ndi ufa wa nsima koma mtanda unkangosweka mukamaupinda, ndipo ulendo wachiwiri kunja kunapserera tchizi isanasungunuke. Mavuto awiriwa magwero ake ndi osiyana, ndiye tiyambe ndi ufawo.

Quesadilla, yomwe aku Mexico amatchula kuti kesadiya, ndi tortilla (chikate chopyapyala chonga chapati) yopindidwa pakati muli tchizi, yowotchedwa pa chiwaya chafulati chimene iwo amati comal. Tortilla ya chimanga sapangira ufa wamba. Chimanga chouma amachiwiritsa kaye pang'ono m'madzi othira laimu wodyedwa, amene amamutcha cal, pafupifupi magalamu 10 pa kilogalamu imodzi ya chimanga. Amachisiya m'madzi omwewo usiku wonse, m'mawa n'kuchitsuka mpaka makoko atachoka, kenako n'kuchipera chikadali chonyowa. Chimanga chotere amati nixtamal, ndipo laimu ndi amene amachititsa kuti mtanda wake ugwirane n'kumapindika. Ufa woyera kapena mgaiwa sunadutse m'njira imeneyi, choncho ngakhale muukande tsiku lonse, sugwirana. Vuto si manja anu ayi. Ndipo chonde musakatenge laimu wopaka makoma ku hadiweya kuti muyesere. Ameneyo sanapangidwire kudya.

Ngati kumene muliko mungapeze ufa wolembedwa masa harina, wodziwika kwambiri ndi wa Maseca, ndiye mwapeza nixtamal wouma kale. Makapu 2 a ufawo, kapu imodzi ndi theka ya madzi ofunda, mchere pang'ono. Kandani mphindi ziwiri, fundikani ndi kansalu konyowa mphindi 20. Bulungani kampira n'kukakanikiza ndi chikhatho: m'mbali mukang'ambika, onjezani madzi supuni imodzi, mtanda ukamata m'zala, wanyowa kwambiri. Ikani kampirako pakati pa mapepala awiri a pulasitiki odulidwa ku jumbo yoyera, n'kukanikiza ndi pansi pa poto wolemera.

Koma malangizo anga enieni ndi akuti muyambire pa tortilla ya fulawa. Si chinyengo ayi: kumpoto kwa Mexico, m'madera ngati Sonora ndi Chihuahua, tortilla ya tirigu ndiyo ya tsiku ndi tsiku. Tengani fulawa magalamu 500, mchere tiyisipuni imodzi ndi theka, mafuta magalamu 80 mpaka 100, ndi madzi ofunda pafupifupi mamililita 280. Aku Mexico kawirikawiri amagwiritsa mafuta a nkhumba, koma majarini kapena mafuta ophikira amachita bwino ndithu. Fikisani mafutawo mu fulawa ndi zala, thirani madzi pang'onopang'ono, kandani mphindi 7 kapena 8 mpaka mtanda usalale. Gawani timipira 12, tipakeni mafuta pang'ono, tifundikeni theka la ola. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, ndiye mtanda umabwerera ngati mphira akamaupsinja ndi mpukutu, n'kutulutsa chinthu chokhuthala cholimba. Mukaona ukubwerera, usiyeni mphindi 10 zina.

Psinjani mopyapyala kuposa chapati, m'lifupi masentimita 18 kapena 20. Chiwaya chikhale chotentha, chopanda mafuta. Mbali yoyamba masekondi 30 mpaka 40, matuza akayamba kutukuka tembenuzani, mbali inayo masekondi 20 basi. Musaipsetse kwambiri poti ibwereranso pamoto. Muzisanjikiza zimene zapsa mkati mwa nsalu youma kuti nthunzi izifewetse. Tortilla yosiyidwa pamtetete imauma, ndipo mukaipinda imathyoka pamsana.

Tsopano tchizi. Ku Mexico amakonda queso Oaxaca, yoyera yonyenyeka ngati ulusi, komanso queso Chihuahua ndi asadero. Yofanana kwambiri ndi Oaxaca imene imapezeka m'masitolo ambiri ndi mozzarella, koma yolimba ija ya pa pitsa, osati yoviikidwa m'madzi, chifukwa iyo imanyowetsa tortilla. Mozzarella payokha kukoma kwake n'kozizira, ndiye sakanizani magawo awiri a mozzarella ndi gawo limodzi la gouda kapena cheddar. Cheddar yokhayokha, makamaka yokhwima, ikatenthedwa kwambiri imatulutsa mafuta n'kusiya zotsalira zolimba. Feta ndi halloumi zisiyeni, sizisungunuka. Gulani ya chigulu muzikwecha nokha, poti yokwecha kale ya m'mapaketi nthawi zambiri amaithira sitachi kuti isamatane, ndipo sisungunuka bwino. Itulutseni mu fuliji mphindi 15 musanayambe.

Magalamu 40 mpaka 50 pa tortilla imodzi ndi okwanira. Ikani pa theka limodzi lokha, kusiya mpata wa chala chimodzi m'mphepete, n'kupinda. Mukadzaza kwambiri, tchizi imatayikira pa chiwaya n'kupserera, pakati pakadali pozizira.

Kupserera kwanu kuja kunachokera ku moto. Powotcha tortilla moto umafunika waukulu, koma posungunula tchizi umafunika wapakati kapena wocheperapo. Pa mbaula dikirani makala ayere phulusa, kapena chotsani ena. Chiwaya chokhuthala ndicho chabwino. Chopyapyala chimatentha malo amodzi n'kusiya bala lakuda pakati. Mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri mbali iliyonse, mukukanikiza pang'ono ndi chipande. Mukaona mawanga agolide koma tchizi ikadali yolimba, vundikirani ndi chivundikiro cha poto masekondi 30. Osapitirira pamenepo, nthunzi ingafewetse kunja konse. Mafuta safunika, koma ngati mukufuna yokhumudzuka pakamwa, pukutani chiwaya ndi kapepala kodontheza mafuta, osati kuthira. Potembenuza, msana wopindikawo ukhale pansi ngati hinji, kukamwa kotseguka kudutse m'mwamba. Mukatembenuzira kwinako zonse zimakhuthukira pa chiwaya.

Zoikamo zina ziyenera kukhala zopsa kale komanso zouma, chifukwa mphindi zinayi sizingapsetse nyama, ndipo msuzi uliwonse umaboola tortilla. Bowa mukazinge ndi anyezi mpaka madzi ake onse aphwe. Nkhuku yotsala dzulo inyenyeni, muiphike ndi tomato ndi anyezi mpaka msuzi ugwire. Aku Mexico amathiramo tsabola wofukiza wa chipotle n'kuitcha tinga. Mbatata yakachewere yophwanya yosakaniza ndi soseji ya chorizo ndi yotchukanso. Koma imene ndingakulimbikitseni ndi ya flor de calabaza, maluwa a dzungu, chiluwe chomwechi chimene timachidziwa m'munda. Chotsani kamtima ka mkati ndi phesi, tsukani mofatsa, kazingani ndi anyezi mphindi ziwiri zokha. Iwo amaonjezera tsamba lonunkhira la epazote, koma popanda ilo zimakomabe. Kulinso huitlacoche, bowa wakuda wotupa amene amamera pa chimanga chikadali m'munda. Kumeneko ndi ndiwo yamtengo wapatali. Supuni ziwiri za zoikamo pa quesadilla imodzi, tchizi pansi ndi pamwamba kuti imate zonse.

Kangachepe kodabwitsa: mu Mexico City mukaitanitsa quesadilla pamsewu, wogulitsa angakufunseni ngati mukufuna ya tchizi kapena yopanda tchizi, ndipo anthu a zigawo zina amawaseka nazo. Kumeneko ambiri amapinda mtanda wosaphika wa chimanga, kumata m'mphepete ngati samusa, n'kukazinga m'mafuta ambiri. Izi zimatheka ndi mtanda wa nixtamal kapena wa masa harina basi, musayese ndi tortilla ya fulawa yophika kale.

Musaidye youma. Wotchani tomato 4, theka la anyezi, timagawo tiwiri ta adyo tosasenda ndi tsabola pa chiwaya chouma mpaka zichite mawanga akuda, sendani adyoyo, sinjani zonse mu kamtondo ndi mchere. Aku Mexico amasinjira mu kamtondo ka mwala kotchedwa molcajete. Iwo amagwiritsa tsabola wa jalapeño kapena serrano. Kambuzi amawawa kuposa amenewo, ndiye yambani ndi theka. Peyala lakupsa lophwanya ndi mandimu, mchere ndi anyezi wodula bwino limaziziritsa ukaliwo.

Ikachoka pamoto isiyeni mphindi imodzi musanaidule, apo ayi tchizi yonse itsatira mpeni. Musazisanjikize zikadali zotentha, zimatuluka thukuta n'kulobodoka. Ngati mukuphikira gulu, wotchani tortilla zonse masana, zisungeni mu nsalu, konzani zoikamo, ndipo muzipinda ziwiriziwiri anthu atakhala kale pansi. Zotsala muzitenthetsenso pa chiwaya chouma pa moto wochepa, mphindi imodzi mbali iliyonse. Mu maikulowevu zimatuluka zotafunika ngati mphira.