Musawotcherere nati, achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Katete. Anadzipangira yekha makina otongolera mtedza, koma akangolizako mota manati amamasuka, ndipo mabauti awiri anathyokera m'manja mwake pomanga. Funso lake linali lakuti: "Kodi ndingowotcherera zonse kuti ndipume?"

Achimwene, imelo yanuyo ndinaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere msanga, chifukwa inandibwezera kumudzi kwathu m'mbali mwa msewu wa ku Lundazi, ndili ndi zaka 16.

Amalume anali ndi chigayo cha injini yakale ya Lister, ija yolira pang'onopang'ono ngati mtima wa ng'ombe. Mudzi wonse unkadya nsima chifukwa cha injiniyo. Tsiku lina, nyengo yokolola, amalume atapita kumaliro, ndinaona kuti nati imodzi yagwa. Ndinapita m'chitini chawo cha zitsulo, ndinapeza nati yooneka yofanana, ndinaiika. Inalowa bwinobwino maulendo atatu, kenako inauma. Pamenepo ndinayenera kuleka. Koma amayi anali atandanda panja ndi madengu awo, ena atachokera kutali ndi ana kumbuyo, ndipo ndinkafuna kuti amalume akabwera adzapeze chigayo chikulira. Ndinatenga sipanala, ndinalowetsa paipi kumchira kwake kuti mphamvu ichuluke, ndinakoka. Mpaka lero kamawu kaja ndimakamva: thwa! Bauti inadukira mkati mwenimweni mwa chitsulo cha injini.

Chigayo chinakhala chete masabata awiri, kudikira munthu wodziwa kuboola wochokera ku Chipata. Amayi anabwerera kumtondo. Amalume sanandimenye, sanakweze ngakhale mawu. Anangotenga nati ija ndi chidutswa cha bauti, anandiikira m'dzanja, nati: "Mphwanga, yang'ana mazinga awa. Kodi ndi pachibale?"

Sanali pachibale. Mazinga ndi timizere tozungulira pa bauti ndi mkati mwa nati. Injini zakale za ku Britain zinkamangidwa ndi mazinga a mtundu wa Whitworth, oyezedwa m'mainchi. Nati yanga inali M10, ya mamilimita. Bauti ya 3/8 inchi ndi yonenepa mamilimita 9.5, ndiye nati ya 10 imaoneka ngati yakwana. Koma mazinga a M10 amatalikirana mamilimita 1.5, pomwe a bauti inayo amatalikirana pafupifupi 1.6. Kusiyana kwake n'kochepa kuposa chikhadabo, koma kumaunjikana pa kuzungulira kulikonse mpaka chitsulo chiyamba kudya chinzake.

Ndiye mukanena zowotcherera, mtima wanga umakana. Ndikudziwa kuti mwatopa. Koma ndaona ngolo zambiri, mawilibala ndi zopukusira chimanga zitatayidwa kuseri kwa nyumba zikadali ndi moyo, chifukwa wina anawotcherera nati imene inayenera kudzamasulidwa. Beringi ikadzatha mudzaichotsa bwanji? Sefa ya mtedza wa Chalimbana si yofanana ndi ya mtedza waung'ono, mudzasintha bwanji? Mudzatenga galayinda, mudzadula, ndipo podula mudzalumako ndi felemu. Kuwonjeza apo, moto umafewetsa bauti yolimba. Poyamba ndinkati nthawi zina n'kololeka, koma ndikulemba pano ndikuona kuti ayi. Pamalo alionse pamene pali chinthu chimene chimatha, nati isawotchereredwe. Wowotcherera amene angakuuzeni kuti "tingomata basi" akuganiza za lero lokha, inu makinawo mudzakhala nawo zaka.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi mmene timagulira. Timapita kumsika wa Kapata kapena ku Down Shops kuno ku Chipata n'kunena kuti "ndipatseniko ya 17". Imeneyo ndi nambala ya sipanala, si ya bauti. Sipanala ya 17 nthawi zambiri imagwira M10, ya 13 imagwira M8, ya 19 imagwira M12. Koma pa magalimoto a ku Japan mupeza M8 ya mutu wa 12 ndi M10 ya mutu wa 14, ndipo M10 yake nthawi zambiri imakhala ya mazinga aang'ono a 1.25. Choncho bauti yotola pa sikirapu ya Toyota ikhoza kukana nati ya m'sitolo ngakhale zonse zili M10. Ogulitsa sindikuwanena, ambiri amathandiza ukawafotokozera bwino. Ife ogula ndiye timapita manja ali lende, osanyamula yakale ija m'thumba.

Ngakhale anyamata a njinga zonyamula anthu m'tauni muno amadziwa kuti pedulo yakumanzere imamangidwa chobwerera. Ndinaonapo munthu wamkulu akulimbana nayo ndi bobojani, sipanala ija yosintha kukamwa, thukuta lili kamukamu, akumanga pomwe ankaganiza kuti akumasula. Galayinda ya pabenchi nayonso, nati yakumanzere ili chimodzimodzi. Za bobojani ndinenenso: imazungulitsa mitu ya mabauti. Sungani ndalama pang'onopang'ono mugule masipanala a ring'i, ngakhale atatu okha.

Tsono makina anuwo

Yang'anani pamutu pa mabauti anathyokawo. Ndikukhulupirira kuti palembedwa 4.6 kapena 4.8, mwinanso palibe chilichonse. Amenewo ndi ofewa, abwino pa geti kapena patebulo. Pa makina onjenjemera gulani olembedwa 8.8, omwe amapirira mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa a 4.6. Ikani washa yafulati pansi, kenako nati ya nyloc, ija ya kapulasitiki mkati. Ikasowa, mangani manati awiri, ina pamwamba pa inzake, muzikanikizitse. Nati iliyonse iyambe yalowa ndi zala zokha mpaka yafika. Ikauma panjira, imasuleni muyang'ane mazinga.

Koma onaninso chimene chikugwedeza makinawo. Kawirikawiri pule (gudumu loyendapo lamba) ya mota ndi ya shafiti siziyang'anizana, kapena ng'oma yotongolerayo ikulemera mbali imodzi. Gonekani chitsulo chowongoka pa mapule onse awiri muone ngati chikukhudza monse. Muzimitse mota, muzungulitse ng'omayo ndi dzanja kangapo: ikamaima malo amodzimodzi, mbali yapansiyo ndiyo yolemera. Fumbi la makoko a mtedza limalowa paliponse, ndiye muzipukuta ndi kupaka girizi m'maberingi nyengo yonse yotongola.

Nati ija ya amalume ndikali nayo m'chitini. Mukadzabwera ku Chipata kudzagula mabautiwo, nyamulani othyokawo, mundilembere tsiku lake, tikasankhire limodzi.