Za #REF! ija, malume

Malume, mwaswera bwanji kumudziko? Ndingoyankha ndi mawu, kulemba zonsezi pa foni zala zingatope. Chithunzi mwaponya pa gulupu chija ndachiona: failo ya Excel ya malipiro a alimi a tiyi imatenga makilogalamu ku failo ya sikelo, ndiye lero yangodzaza #REF! mpaka pansi, eti?

Mtima m'malo, masamba a anthu sanasowe ayi. Excel ikungodandaula kuti pamene munaituma kukatenga nambala sikupapezanso. Dinani kabokosi kamodzi kolakwikako, muyang'ane pamwamba pomwe pamaoneka fomula. Payenera kukhala dzina la failo, monga Sikelo.xlsx, kenako dzina la shiti, kenako kabokosi kake, kaya B5.

Ngati zonsezo zilipo, vuto ndi njira chabe. Failo mwina inasamutsidwa foda, kapena munaikoperanso ku WhatsApp n'kukhala ndi ka 1 kumapeto kwa dzina. Fulashinso ndi choncho, chilembo chake pa kompyuta chimasintha: lero ndi E, mawa mukaibaya pa kompyuta ya ku Luchenza ndi F. Pitani pa Data, Edit Links, zatsopanozi akulemba Workbook Links, musankhe Change Source, muilozere pomwe failo ili. Mukaonamo mawu akuti INDIRECT mu fomula, imeneyo sigwira failo inayo ili yotseka, ingoitsegulani basi.

Koma ngati #REF! yalowa m'kati mwenimweni mwa fomula, ndiye kuti pali amene anafufuta mzere kapena shiti yonse. Apo Change Source ndi kutaya nthawi, n'kulemba kwatsopano. Tsegulani mafailo onse awiri, lembani =, mudumphire ku sikelo, dinani kabokosi koyenera, Enter. Tsono apa tcherani khutu malume. Excel imaikamo yokha zizindikiro za dola, $B$5. Mukakokera pansi zili choncho, mlimi aliyense alandira makilogalamu a munthu woyamba uja. Dinani F4 katatu zichoke, kenako kokani.

Ine chimene chimandiopsa si #REF! ayi, iyo bola imakuwa. Ndi ichi: kwabwera mlimi watsopano, mwamulowetsa pakati pa mndandanda wa sikelo, failo ya malipiro ili yotseka. Siidziwa kuti mizere yasuntha. Wa pa mzere 12 atenga za wa pa mzere 11, mpaka pansi, popanda chenjezo lililonse, mudzangomva phokoso tsiku lolandira. Nyengo ya mvula ino masamba achuluka, ndalama zake si zocheza. Choncho polowetsa mzere kapena posintha dzina la shiti, mafailo onse awiri azikhala otsegula. Ndikabwera tidzaika fomula ya VLOOKUP izifufuza ndi nambala ya mlimi, osati mzere.

Pakadali pano musasevu kaye, mundijambulire fomulayo ioneke yonse. Moni kwa onse kunyumba.