Kamakina koyeza kugunda kwa mtsempha kakusinthasintha zotsatira

Funso: Amisiri, ndikuphunzira zamankhwala achikhalidwe ku China. Ndinagula pa intaneti kamakina kotchipa koyezera kugunda kwa mtsempha wa pamkono, kolumikiza ku laputopu ndi USB. Munthu yemweyo kakunena kuti kugunda kwake n'kwapamwamba, pakatha mphindi zisanu kakuti n'kwakuya. Kodi pulogalamu yake ndiyo yoipa?

Yankho: Pulogalamuyo isiyeni kaye, achimwene. Vuto lotere kawirikawiri limakhala pa mphamvu imene sensa, kachipangizo kokhudza khungu kaja, ikudinikiza nayo mtsempha. Sing'anga wa ku China amaika zala zitatu pamalo atatu a pamkono otchedwa cun, guan ndi chi, n'kudinikiza pang'ono, pakatikati, kenako kwambiri. Makina abwino amatsanzira zimenezi pokweza mphamvu pang'onopang'ono, kuyambira cha m'ma 50 mpaka cha m'ma 250 magalamu, n'kuona pamene funde la kugunda lakula kwambiri. Likakula pa mphamvu yochepa amati fu, kwapamwamba. Likakula pa mphamvu yaikulu amati chen, kwakuya. Tsono sensa ikamanama pa mphamvuyi, chigamulo chingatembenuke.

Yang'anani kunsi kwa mutu wa sensayo. Ngati kukuyaka kagetsi kobiriwira kapena kofiira, nkhani yathera pomwepo: imeneyo ndi sensa ya kuwala yomwe imakhala m'mawotchi, imaona kuchuluka kwa magazi pansi pa khungu ndipo za kudinikiza siidziwa n'komwe.

Ngati palibe getsi, iyeseni ndi zolemera. Ichotseni pamkono, muigoneke chagada patebulo lolimba, muyatse, muisiye mphindi 15 kuti itenthe. Ikani pa ziro. Kenako ikani magalamu 50, mulembe chimene yawerenga, muike 100, kenako 200. Mulibe miyala ya sikelo? Tengani kakapu kopepuka ka pulasitiki, mukakhazike pakati penipeni pa kabatani ka sensa, muike pa ziro kakapuko kali pomwepo, n'kumathiramo madzi ndi sirinji. Mililita imodzi ya madzi ndi galamu imodzi. Kakapu kakapendekeka kapena kukhudza m'mbali mwa chikuto, mwadziwonongera nokha muyeso. Mukafika pa 200 tsikaninso, 100, 50, mpaka ziro, ndipo manambala otsika afanane ndi okwera aja. Pomaliza siyani magalamu 100 kwa mphindi zisanu osakhudza tebulo.

Nambala ikakwera bwino, ya 100 n'kukhala kawiri ya 50, koma zonse zasendera mbali imodzi, sensa ndi yamoyo, ingoikonzani mu pulogalamu. Nambala ikalumpha poika cholemera n'kubwerera ku ziro m'masekondi ochepa cholemeracho chikadali pomwepo, mwagula piezo, kaya ya kapulasitiki kopyapyala kotchedwa PVDF kaya kachitsulo kaja kamalira m'mabaza. Imamva kusintha kokha, mphamvu yokhazikika siyiigwira, choncho fu ndi chen ikungolosera. Ogulitsa amene amamata chinthu chotere m'chikuto chokongola n'kulemba kuti chimazindikira mitundu 28 ya kugunda amandikwiyitsa kwambiri. Nambala ikamatsetsereka pang'onopang'ono, ndi guluu kapena labala wofewa amene akuphwa. Ikakana kubwerera pa ziro, kachitsulo kam'kati kanapindika, ndipo chimakapinda ndi lamba womanga mopitirira kapena anthu okonda kudinikiza ndi chikhadabo kuti aone ngati ikugwira ntchito. Pamenepo sinthani mutu wonse. Gwedezaninso waya pamene walowera m'mutu: nambala ikadumphadumpha, waduka m'kati.

Zotsalazo n'zachidule. Mtsempha umenewu m'lifupi mwake ndi mamilimita 2 mpaka 3 basi, ndiye sensa ikasuntha pang'ono funde limachepa. Pezani guan pafupi ndi kafupa kotukuka ka kumbali ya chala chachikulu, muikepo kadontho ka bolopeni, muziyeza pomwepo nthawi zonse. Mkono ugone pakatsamiro molingana ndi mtima, munthu apume mphindi 10, asayankhule. Mzere ukakhala ndi timano tating'ono tosatha, ndi 50 Hz ya magetsi: zulani chaja, laputopu iyendere batire. Ukamakwera n'kutsika pang'onopang'ono, ndi kupuma kwa munthuyo.

Ngakhale sensa itakhala bwino, chimene makina amayezadi ndi funde. Mayina a mitundu ya kugunda monga xian (kolimba ngati chingwe chokungika) ndi hua (koterera) amaikidwa ndi pulogalamu poyerekeza msinkhu wa tizigawo ta fundelo, monga h3 (kansonga kotsatira) poyerekeza ndi h1 (nsonga yaikulu yoyamba), muyeso umene umakwera pa xian. Sing'anga wa ku China Li Shizhen mu 1564 anafotokoza mitundu 27 ya kugunda ndi mawu, osati ndi magalamu, ndipo malire a manambala amasiyana kampani ndi kampani. Choncho sungani mafunde enieniwo pamodzi ndi magalamu amene munadinikiza nawo, osati dzina lokha. Pogula ena, funsani ngati sensa ikutsata ISO 19614 ya 2017, yomwe ndi muyezo wa masensa amenewa, ndipo akupatseni pepala losonyeza kuti anaiyesa. Ndipo kugunda kukamaduka kapena kudumpha pa mzere woyera bwino, munthuyo apite kuchipatala akamuyeze ndi ECG, makina oyeza magundidwe a mtima.