Kodi lonjezo la boma la 2050 ndi kungotinamiza?

Mayi wina wa kwathu kuno amene amakhala ku Leeds wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Andale a kuno ku Britain akuti pofika 2050 dziko lawo lidzakhala litasiya kuwonjezera mpweya wotenthetsa dziko mumlengalenga. Koma nthawiyo onsewa adzakhala atachoka pa mipando. Kodi sakungotinamiza?"

Amayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Maboma ambiri amatchula chaka chakutali, anthu n'kuwomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma musanaweruze Britain, onani kaye mmene lamulo lawo linalukidwira.

Mu 2008 nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa Climate Change Act. Lamuloli linati pofika 2050 mpweyawu uchepe ndi 80 peresenti poyerekeza ndi mu 1990. Mu 2019, Theresa May ali nduna yaikulu, analimangitsa kufika pa net zero, kutanthauza kuti mpweya umene akutulutsa usapose umene nkhalango ndi njira zina zikuchotsa mumlengalenga.

Kwa ine mphamvu ya lamuloli ili pa zimene linaika pakati pa lero ndi 2050. Nthawi yonseyo anaigawa m'zigawo za zaka zisanuzisanu, chigawo chilichonse chili ndi malire a mpweya umene dziko lingatulutse, ndipo malirewo amakhazikitsidwa kudakali zaka 12 chigawocho chisanayambe. Zili ngati ngongole ya banki mkhonde: sakusiyani kuti mudzabweze zonse tsiku logawana, gulu limafuna kuona kangachepe pa msonkhano uliwonse. Palinso gulu la akatswiri loima palokha, Climate Change Committee, limene chaka ndi chaka limauza aphungu poyera ngati boma likutsalira, ndipo boma limayenera kuyankha.

Nanga chaka chakutalicho n'chachiyani? Fakitale yopanga magetsi imagwira ntchito zaka 30 kapena 40. Woika ndalama zake lero amafuna kudziwa kumene dziko likulowera, ndipo akaona kuti lamulo silisintha ndi chisankho chilichonse, sataya ndalama pa malasha. Mu 2012 pafupifupi 40 peresenti ya magetsi a ku Britain inkachokera ku malasha. Pa 30 September 2024 fakitale yomaliza yopanga magetsi ndi malasha, ya Ratcliffe-on-Soar pafupi ndi Nottingham, inatsekedwa. Mpweya umene dzikolo limatulutsa watsika pafupifupi ndi theka kuchokera mu 1990.

Ndipo poti lonjezoli linalembedwa m'lamulo, boma limazengedwa nalo mlandu. Mu 2022 mabungwe oteteza chilengedwe monga Friends of the Earth ndi ClientEarth anapambana ku khoti lalikulu, limene linagamula kuti ndondomeko ya boma sinkafotokoza mokwanira mmene malirewo adzakwaniritsidwire. Boma linalembanso, mu 2024 n'kugonjanso.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa. Chophweka, chosiya malasha, chatheka, zatsala zolimba: nyumba zambirimbiri zotenthetsedwa ndi gasi nthawi yachisanu, ndege, komanso mpweya wochokera ku ng'ombe ndi nkhosa. Zikafika pokhudza thumba la wovota, andale amabwerera m'mbuyo. Mu September 2023 Rishi Sunak, nduna yaikulu ya nthawiyo, anasuntha chaka choletsera kugulitsa galimoto zatsopano za petulo ndi dizilo kuchoka 2030 kufika 2035. Chinanso chondiwawa n'chakuti mpweya wotuluka popanga katundu ku China amene amagulidwa ku Britain sauwerengera m'malire aja.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi mu March 2023, pamene mpweya umene ife timatulutsa ndi wochepa zedi. Komabe mu 2021, potsatira pangano la mayiko lolimbana ndi kusintha kwa nyengo la ku Paris la 2015, Malawi inalonjeza kuchepetsa mpweya wake ndi 51 peresenti pofika 2040 poyerekeza ndi pamene ukanafika tikanangosiya zinthu mmene zilili. Pa 51 ameneyo, 6 yekha ndi wa mphamvu zathu, 45 akudikira thandizo lakunja.

Tsono phungu wa dera lanu ku Leeds akamadutsa khomo ndi khomo nthawi ya kampeni, musamufunse za 2050. Mufunseni zimene Climate Change Committee yanena m'lipoti lake laposachedwa, ndi zimene chipani chake chichite pa nyumba za gasi zija m'zaka zisanu zikubwerazi.